Musathamangire kupala siling'i yakale

Nyengo yachilimwe ikafika, anthu atagulitsa fodya, soya ndi mtedza, mabanja ambiri pa Mponela, Balaka, Luchenza ndi m'matauni ena otere amayamba kukonzetsa nyumba mvula isanagwe. Ena agula nyumba zakale zomwe zinali za boma, za makampani kapena za mamishoni ndipo akufuna kuti zioneke zamakono. Ichi nchitukuko ndipo tikuchiyamikira.

Koma pali ntchito imodzi yomwe tikufuna eni nyumba ayambe aima kaye asanaigwire. Iyi ndi ntchito yopala kapena kugumula siling'i yakale, makamaka ija yokhakhala, yokhala ndi timatuza kapena timizere tokongoletsa. Ambiri amaiona ngati yachikale, yosunga fumbi ndi akangaude, ndiye amangoitana mnyamata waganyu, nkumupatsa makwerero ndi chitsulo chopalira kuti pofika madzulo ikhale itasalala.

Vuto ndi loti siling'i zambiri zamtunduwu zinkapangidwa posakaniza ndi asibesitosi. Uwu ndi mwala wokhala ndi tiulusi tosapsa ndi moto komanso tosaola, nchifukwa chake amisiri akale ankaukonda. Ku Britain, phala lokongoletsera siling'i lotchedwa Artex linkakhala ndi asibesitosi mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980. Ku America, siling'i zomwe amazitcha popcorn zinali chimodzimodzi mpaka boma litaletsa kupopera phala lotere mu 1978. Kuno kwathu asibesitosi timamudziwa kwambiri pa malata otuwa aja a simenti, koma analowanso m'mabolodi ena a siling'i ndi m'mapaipi a madzi.

Sikuti siling'i iliyonse yokhakhala ili ndi asibesitosi ayi. Zina ndi simenti ndi mchenga chabe. Koma palibe mmisiri, ngakhale waluso chotani, amene angasiyanitse ndi maso okha. Chimafunika nkutenga kachidutswa nkukakayeza ku labotale. Choncho nyumba ikakhala yakale ndipo siinayezedwe, nzeru nkuitenga ngati ili naye.

Asibesitosi akakhala malo ake osakhudzidwa savulaza kwenikweni. Ngozi imabwera pomupala, pomucheka, pomuboola kapena pomukhwecha ndi sandipepala. Apo tiulusi tating'ono kwambiri kuposa tsitsi, tosaoneka ndi maso, timayandama mumpweya kwa maola ambiri. Munthu akatipuma timakakhazikika m'mapapo ndipo thupi limalephera kutichotsa. Mapeto ake ndi matenda ouma mapapo otchedwa asbestosis, khansa ya m'mapapo, kapena mesothelioma, khansa yogwira kachikopa kokuta mapapo, yomwe kawirikawiri siichiritsika. Kwa munthu wosuta fodya, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakula koposa.

Choipitsitsa nchakuti matendawa saoneka msanga. Pamatha kupita zaka 20, 30 kapena 40 munthu asanayambe kubanika. Mnyamata wopala siling'i lero ali ndi zaka 20 akhoza kudzadwala ali ndi zidzukulu, ndipo palibe adzakumbukire za ganyu ya masiku awiri ija. Achibale adzaganizira TB, ena adzaloza chala mnansi kuti walodza.

Izi si nkhambakamwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse kaamba kopuma asibesitosi pantchito. Dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999, koma mpaka pano anthu pafupifupi 5,000 amafabe pachaka kumeneko chifukwa cha fumbi lomwe anapuma kalekale, ndipo ambiri mwa iwo ndi akalipentala, okonza mapaipi ndi okonza magetsi. Dziko la South Africa, lomwe linali ndi migodi yake ya asibesitosi, linamuletsa mu 2008. Mabanja omwe makolo awo anakagwirako ntchito kumigodi ya Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe akulidziwa bwino fumbi tikunenali.

Nanga mwini nyumba atani? Choyamba, ngati siling'iyo ili yolimba, yosasweka ndi yosayoyoka, isiyeni. Kuipaka penti bwinobwino, osayamba mwaikhwecha, kumamatiza tiulusi tija malo amodzi. Ngati maonekedwe ake akukunyansani, mmisiri akhoza kuimata pulasitala wosalala pamwamba kapena kuika siling'i ina pansi pake. Njirazi nzotsika mtengo poyerekeza ndi kugumula, ndipo fumbi limachepa. Chofunika nkudzauza aliyense wobwera kudzaboola poika magetsi kuti m'katimo muli chiyani.

Ngati denga linkadontha mpaka siling'i yafumbwa ndipo palibe kuchitira mwina koma kuichotsa, ntchitoyo isagwiridwe mwachisawawa. Ana, amayi ndi okalamba atuluke, katundu yense atulutsidwe, pansi payalidwe pulasitiki ndipo zitseko zopita kuzipinda zina zitsekedwe. Siling'iyo inyowetsedwe ndi madzi osakaniza ndi sopo pang'ono, magetsi atazimitsidwa, ndipo mabolodi atsitsidwe athunthu osati kuwaswa ndi hamala. Makina ochekera kapena okhwechera asayandikire. Wogwira ntchito avale chotchinga mphuno chenicheni cholembedwa FFP3 kapena P3. Timasiki tansalu tija tinkavala nthawi ya Covid-19 sititchinga tiulusi timeneti.

Pomaliza ntchito, m'nyumba musasesedwe ndi tsache louma koma mukolopedwe ndi nsanza zonyowa, nsanzazo nkutayidwa. Zovala zogwirira ntchito zisapite kunyumba kuti mayi akakutumule ndi kuchapa pamodzi ndi za ana, chifukwa kumaiko ena akazi ambiri anadwala pochapa maovolosi a amuna awo, iwo osapondako kumgodi kapena kufakitale. Zinyalalazo zimangidwe m'matumba awiri apulasitiki ochindikala ndipo mufunse akhonsolo komwe zingakwiriridwe. Kuzitentha nkungodzivutitsa, asibesitosi sapsa.

Apa tikudziwa kuti Amalawife sititaya chinthu. Bolodi lotsala timakhomera khola la nkhuku, zidutswa timakwirira maenje pamsewu, zina ana amaseweretsa. Pa asibesitosi pokha, kusunga koteroko nkudzisungira matenda.

Mawu athu akulu akupita kwa eni nyumba. Waganyu amavomera ntchito iliyonse chifukwa cha njala, ndipo sadziwa chomwe chili m'siling'imo. Inu amene mwawerenga izi mwadziwa. Kumutuma mwana wa mnzanu kuti akapume fumbi lotere, inu mutakhala pamthunzi panja, nkupanda chilungamo ngakhale mutamulipira bwino chotani. Mtengo wa chotchinga mphuno ndi pulasitiki suposa wa zitini zingapo za penti.

Tikupemphanso makhonsolo, omwe amavomereza mapulani a nyumba, kuti azilangiza anthu okonzetsa nyumba zakale ndi kupatula malo otayako zinyalala zoopsazi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi unduna wa zantchito auze anthu poyera komwe angakayezetse kachidutswa ka siling'i komanso mtengo wake. Nalo bungwe la TEVETA lionetsetse kuti kalipentala ndi mmisiri aliyense wotuluka m'sukulu zaluso akumudziwa asibesitosi ndi kagwiridwe kake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanakweze munthu pamakwerero chaka chino, funsani kaye kuti nyumbayo inamangidwa liti ndipo siling'iyo inapangidwa ndi chiyani. Mukapanda kupeza yankho, pakani penti nkuisiya.