Kuya kwa nyanja si nkhokwe ya nsomba

Chaka chilichonse nyengo yotseka nyanja ikayandikira pa 1 Novembala, mawu amodzimodzi amabwerera m'madoko a Chiweta, Mlowe, Tcharo ndi Chitimba, ndipo masiku ano amayendanso pa WhatsApp. Akuti malamulo a usodzi anawalembera anthu a ku Mangochi, kumene nyanja ndi yosaya ndipo nsomba anazimaliza okha. Kuno ku Rumphi, akutero, nyanja ndi yakuya kosaneneka, nsomba zili pansipo zosawerengeka, ndiye kulanda maukonde ndi kuletsa khoka n'kuzunza amphawi chabe. Ife tikuti ayi, maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo amene adzalipire ndi msodzi yemweyo.

N'zoona kuti nyanja ya Malawi ndi yakuya kwambiri chigawo cha kumpoto, kufika pafupifupi mamita 700. Koma madzi a pansi pa mamita 250 alibe mpweya umene nsomba zimapuma. Nyanja yathu sivundulika kufika pansi, choncho madzi a kumwamba ndi a pansi sasakanikirana. Kumene anthu akuganiza kuti kuli nkhokwe ya nsomba kulibe chambo, kulibe utaka, kulibe kampango.

Ndipotu kuyako kukutipatsa chifukwa chosamalira kwambiri kuposa anzathu a kumwera. Aliyense amene anatsikapo zitunda za Chiweta pa msewu wa M1 anaona mmene mapiri amagwera m'madzi mwachindunji. Pansi pa madzi n'chimodzimodzi: ukangochoka pang'ono pagombe wafika kale pakuya. Malo osaya a mchenga ndi bango, omwe nsomba zimaswanirana, kuno ndi kamzere kopyapyala. Chambo chachimuna chimakumba chisa chake pamchenga, chachikazi n'kusunga mazira ndi tiana m'kamwa mpaka titakhwima. Khoka likakwekwereza pansi limafafaniza zisazo, ndipo mayi akakodwa amalavula ana ake pamchenga pomwepo, onse n'kufera padzuwa. Gombe lopapatiza chotere makoka ochepa okha akhoza kulisesa lonse.

Amene akuti nsomba sizingathe afunse akuluakulu za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zodzaza mabwato, lero achinyamata ambiri sanaionepo n'kamodzi komwe. Afunsenso za nyanja ya Malombe, kumene chambo chinkapitirira matani 8,000 pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma patangotha zaka khumi sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. A ku Malombe nawonso ankati nsomba ndi mphatso ya Mulungu, sizingathe.

Rumphi ilinso ndi chake chotaya. Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje kukaswa nthawi ya mvula. Mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja cha ku Mlowe, wa North Rumphi cha ku Chiweta. Munthu akatchinga pamathiriro ndi ukonde, kapena akathira katupe m'madzi, wapha nsomba za chaka chino ndi za zaka zikubwerazo pa usiku umodzi. Mtsinje ulibe kuya koti nsomba ithawireko.

Ena amati bwanji mukudandaula pamene usipa uli mbwee pamathandala. Inde, usipa lero ndi woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Koma chimenecho ndi chizindikiro cha vuto: nsomba zazikulu zachepa, tatsala ndi kansomba kamene kamakula msanga. Nakonso tikukathamangitsa ndi masikito. Taonani zimene zimatuluka mu neti ya udzudzu ikakokedwa m'mphepete: tinsomba tosaoneka maso, tomatirira kumanja ngati phala, tosakanizika ndi kasawala amene akanadzakhala chambo cha pa mbale. Chidebe chake amagulitsa motchipa, ndipo neti imene inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo yathera m'madzi. Uku n'kukazinga mbewu mvula ili pafupi.

Pali mbali imodzi imene odandaulawo akunena zoona, ndipo boma liimve. Lamulo likamagwira wa bwato la mtengo n'kusiya mwini sitima yokoka maukonde akuluakulu akulowa m'madzi osaya, anthu sangalilemekeze. Nthambi ya za usodzi ilibe maboti ndi mafuta okwanira, ndipo midzi ngati Tcharo, kumene ambiri amafikako pa boti, alangizi safikako kawirikawiri. Banja limene lilibe munda wokwanira pakati pa phiri ndi nyanja silingauzidwe kuti lingodikira kuti nyengo yotseka ithe osalithandiza kupeza pogwira pena. Koma yankho lake n'kukhwimitsa lamulo kwa onse mofanana, osati kulitaya.

Ndiponso si zoona kuti malamulowa ndi a boma lokha. Lamulo la usodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu a m'midzi azisamalira nawo nyanja, ndipo makomiti a m'madoko, ma BVC, amene anayambira ku Malombe mu 1993, ali ndi mphamvu yopanga malamulo awo mogwirizana ndi mafumu ndi khonsolo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu inayamba kutseka usodzi nthawi ya mvula m'zaka za m'ma 1950, dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo mwambowo ulipobe pansi pa Senior Chief Makanjira. Asodzi amachoka pachilumbapo miyezi ingapo, akabwerera amapeza utaka. Palibe wa ku Capital Hill anawakakamiza. Anansi athu a ku Nkhata Bay, omwe nyanja yawo ndi yakuya ngati yathu, akhala akuteteza malo oswanirana chambo kwa zaka zoposa khumi mothandizana ndi bungwe la Ripple Africa.

Choncho pempho lathu likupita kwa mafumu a m'mphepete mwa nyanja, ma BVC ndi khonsolo ya Rumphi: lembani malire a malo oswanirana nsomba ndi mathiriro a mitsinje, aliyense awadziwe. Chilango chikhale chimodzi kwa mlendo, mwana wa mfumu ndi mwini injini. Amalonda ochokera ku Mzuzu ndi ku Rumphi boma aleke kugula kasawala, pakuti msodzi sakoka chimene chilibe msika. Ndipo boma litumize boti ndi alangizi nyengo yotseka isanayambe, osati kudzangotulukira ndi apolisi kudzawotcha maukonde.