Bwalo ndi kalasi zikakangana, wolira ndi mwana

Masabata angapo apitawa ndidali kumudzi kwathu kwa Chitukula kukapepesa maliro, ndipo pobwerera, m'malo mongokwera kabaza n'kumapita, ndidapatukira pa sukulu ya pulaimale pomwe ndidaphunzira a e i o u. Dzina la sukuluyo sinditchula ayi, pakuti mlandu wake udatha ndipo sindifuna kutokosa chilonda chimene chapola. Koma zimene ndidamva kumeneko ndaona kuti n'zoyenera tikambirane, makamaka ife a m'tauni amene timayesa sukulu ndi makoma, mabuku ndi yunifolomu basi.

Nkhani yake idali yotere. Mnyamata wina wa Sitandade 7 adajomba masabata awiri kaamba koti akuluakulu adapita naye kudambwe. Atabwerako, mphunzitsi wina wachinyamata, mlendo m'deralo, adamuimika kutsogolo kwa kalasi, n'kumukwapula, n'kuonjezapo mawu onyoza gule pamaso pa ana onse, atsikana ndi osameta omwe. Pofika madzulo nkhani idali itafala m'midzi, itathiridwa kale mchere ndi tsabola. M'mawa mwake zilombo zidatulukira pa sukulu nthawi ya asembule, ana adabalalika, mphunzitsi uja adaliyatsa liwiro osatenga ngakhale chikwama, ndipo anzake adati sagwiranso choko kufikira atatsimikiziridwa za chitetezo chawo. Maphunziro adaima masiku 10, kutatsala milungu yochepa kuti a Sitandade 8 alembe mayeso a MANEB.

Tsono mukandifunsa kuti wolakwa ndani, ine nditi onse. Mphunzitsi adalakwa, pakuti unduna wa zamaphunziro udaletsa chikwapu, ndiponso sungapite kwa eni ake n'kukatukwana mwambo wa makolo awo. A kumudzi nawo adalakwa, pakuti kutenga mwana pakati pa teremu ndi kumubera, ndipo kutumiza zilombo pakati pa tiana ta Sitandade 1 ndi nkhanza, tisabise. Koma amene adalipira mlandu umenewu si mphunzitsi kapena mwini mzinda. Mphunzitsi malipiro ake adalandira mwezi utatha, gule naye adavinidwa monga mwa masiku onse. Amene adaluza ndi mwana amene amadalira phala la kusukulu kuti aike kanthu m'mimba m'mawa, ndi mtsikana wa Sitandade 8 amene m'masiku 10 amenewo adatumidwa kukagulitsa mandasi pa msika, ndipo ena a iwo sadabwererenso. Akuluakulu adanena kuti njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Mkangano umenewu si wa lero, abale anga. Ndi wakale kuposa agogo athu ena. Pamene amishoni ankatsegula sukulu m'chigawo chapakati, a Dutch Reformed mbali ina ndi ansembe a White Fathers ku Mua, Likuni ndi Nambuma mbali ina, sukulu idali khomo lolowera mu mpingo, ndipo gule ankamutcha chikunja. M'zaka za m'ma 1920 nyau ndi amishoni ankalimbirana ana poyera, uyu kukokera kukalasi, uyu kukokera kudambwe. Kuyambira pamenepo midzi yambiri ya Achewa idayamba kuona sukulu ngati chinthu cha alendo chodzalanda ana.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulaimale, ndipo ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ine ndine mmodzi mwa ana a maphunziro aulerewo, tidaphunzirira pansi pa mtengo titakhala pa njerwa. Mu 2013 lamulo latsopano la maphunziro lidati pulaimale ndi yokakamiza. Zonsezi ndi zabwino, koma palibe lamulo la ku Capital Hill limene lingakhazike mphunzitsi ndi nyakwawa pa mphasa imodzi. Zimenezo ndi za eni ake.

Ndipo n'zimene zidachitika kwathu. Amene adayamba kuyenda si a ku ofesi ayi, koma amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulupo, amene timawatcha a mother group. Amayiwa adapita kwa a gulupu, adapitanso kwa aphunzitsi aakulu, n'kuwauza kuti, "Inu kanganani mmene mungathere, koma ana ndi athu." A gulupu adaitanitsa bwalo, padabwera komiti ya sukulu, eni mizinda, akulu a mipingo ndi mlangizi wa maphunziro wa m'zoniyo. Mphunzitsi uja adapepesa pamaso pa anthu n'kupereka nkhuku monga mwa mwambo. Eni mzinda nawo adavomera kuti anyamata awo adalumpha malire, ndipo chindapusa chawo chidali kuumba njerwa za chimbudzi cha atsikana. Adapangana kuti za kudambwe ndi chinamwali zizichitika nthawi ya tchuthi, kuti chilombo chisapondenso pa sukulu ana ali m'kalasi, ndiponso kuti mphunzitsi akaona vuto pa mwana aziyamba waitana kholo.

Chimene chidandigwira mtima n'chakuti mphunzitsi uja sadapemphe transifa. Ndidamupeza akuphunzitsa masamu, ndipo mnyamata amene adamukwapula uja ndiye amaimba belu. Akazi a aphunzitsi, amene masiku a mkangano ankaopa kupita pa mjigo, akutunganso madzi pamodzi ndi amayi a m'mudzi. Ine chiyanjano ndimachionera pamenepo, pa mjigo ndi pa belu, osati pa zoyankhula za pa bwalo zokha.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu ophunzira a m'makoleji mukuti, "Aaa, zachikale izi, bwanji osangoitana apolisi n'kumanga onsewo?" Inde, pamene munthu wavulazidwa, pamene mtsikana wagwiriridwa kapena wakwatiwitsidwa asanakwane zaka 18, imeneyo si nkhani ya nkhuku, ndi ya polisi ndi khoti, ndipo mfumu yobisa zotere ndi mdani wa ana. Koma galimoto ya polisi imabwera n'kubwerera tsiku lomwelo, pamene mphunzitsi amatsala akugona m'mudzi momwemo, akugula tomato kwa amayi a anyamata amene amangidwawo. Mwana wa m'nyumba imene sukulu imatchulidwa ngati mdani sangamve za m'kalasi.

Komanso gule sakuchoka, tivomere. UNESCO idamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chaka ndi chaka Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Ku Mua komwe kudali kulimbana kuja, wansembe wa Katolika, Bambo Claude Boucher, adakhazikitsa Kungoni mu 1976, malo amene asunga nkhope za gule mazanamazana ndi matanthauzo ake. M'madera ena mafumu afika potumiza zilombo zomwezo kukatulutsa ana ojomba m'nyumba kuti apite kusukulu. Njira imeneyo ine ndili nayo chikaiko, pakuti mwana wopita ku kalasi mtima uli phaphapha saphunzira bwino, komabe ikuonetsa kuti bwalo ndi kalasi zikhoza kukokera mbali imodzi.

Tsono kwa inu anzanga a geni ku Msungwi, kwa Tsoka ndi mu msika waukulu, amene ana anu kapena a achemwali anu ali kumudzi ndi agogo, kutumiza ya makope pa foni sikokwanira. Mukapita kumudzi patukirani pa sukulu, mukamudziwe mphunzitsi wa mwana wanu, mufunse kuti komiti idakumana liti. Kwa inu a ku TTC amene mawa mutumizidwe ku Nsaru, kwa Kabudula kapena ku Mpingu, kaonekereni kwa mfumu musanamasule katundu, ndipo chimene simukuchidziwa funsani musanachinyoze.

Ine yunivesite ndidasiyira panjira kaamba ka fizi, ndipo ululu wosiya sukulu usakufuna ndikuudziwa. Koma ine chidandichotsa ndi umphawi, umene sindikadakangana nawo pa bwalo. Mwana wa kwa Chitukula asachoke pa sukulu chifukwa akuluakulu awiri akanika kupepesana.