Google sanatilembepo nchito, nanga tilila ciani?

Olemba nkhani pa intaneti masiku ano ali na nyimbo imodzi cabe: ndalama za ma advert zagwa. Munthu atsegula akaunti yake ya AdSense kumapeto kwa mwezi, apeza tumasenti tosakwana na bundle imene anasewenzetsa polemba. Kenako aika positi yodandaula, anzake amuyankha kuti "tilimbe cabe, zizabwelela." Sizizabwelela, ndipo ine nikuti ziyende.

Kugwa kwake ni kweni-kweni, sinikana. Mu January 2018 Facebook inasintha zimene ionetsa anthu, inaika patsogolo mapositi a anzako na acibululu, nkhani za ofalitsa n'kukankhidwila kumbuyo. Mu May 2024 Google inayamba kuika AI Overviews pamwamba pa zimene wafufuza. Munthu awelenga yankho pamenepo, sadina linki yako, ndipo advert imene sanaione siikulipila. Ngakhale akulu-akulu cawagwela. BuzzFeed News inatsekedwa mu 2023, Vice inalengeza kuti yagwa na nkhongole caka cimeneco. Ku South Africa, Daily Maverick inazimya webusaiti yake tsiku lonse pa 15 April 2024 kuti anthu aone mmene dziko lingakhalile popanda atolankhani.

Koma amenewo anali kudya patebulo. Ife tinali kuti? AdSense ili na mndandanda wa zinenelo zimene ivomeleza, ndipo Cinyanja palibe. Cibemba, Citonga na Cilozi nazonso palibe. Google Translate idziwa cinenelo cathu kucokela mu 2014, imasulila bwino-bwino zimene tilemba, koma pa nkhani ya kulipila, mwadzidzidzi siitimvela. Conco aliyense amene anafuna ndalama izi anayamba wasiya cinenelo cake pakhomo monga nsapato.

Cizungu naconso sicinali cokwana. Olengeza malonda alipila kulingana na thumba la wowelenga. Maso a munthu wa ku Texas ni odula, maso a mnyamata wa ku Chawama ni ochipa, olo onse awili awelenge nkhani imodzi mpaka pothela. Ndipo AdSense situmiza kalikonse mpaka ufike pa 100 dollars. Kuti ukafikepo na owelenga a pa Zambia, uyenela kusonkhanitsa gulu monga la pa Intercity pa Khisimasi.

Apa m'pamene panaonongeka zinthu, ndipo ici ndiye cimaniwawa kuposa ndalama. Olemba aluso anaphunzila kulembela makina. Mitu ya "simuzakhulupilila zimene anacita," nkhani za cikwati ca woimba wa ku America, nkhani imodzi kuidula m'mapeji asanu kuti advert ionekele kasanu. Pamene kolela inavuta mu Lusaka kuciyambi kwa 2024, mpaka Heroes Stadium inasanduka cipatala, anthu a ku Kanyama na ku Matero anafunika wina wowafotokozela m'cinenelo cawo za zitsime zosazama, za klorini, za nthawi yothamangila ku kiliniki. Nkhani yaconco ku AdSense ni yopanda mtengo. Ndiye muniuze kuti nilile malilo a cinthu cimene cinatiphunzitsa kunyalanyaza anansi athu?

Manje nibwele kwa imwe owelenga, cifukwa na imwe muli na mlandu. Nkhani iliyonse imene muwelenga mumailipila kale. Mulipila MTN, Airtel kapena Zamtel pa bundle. Mulipila wa kantemba amene akuchajilani foni malaiti akapita. Pa mzele wonse uyu, amene salandila ngwee ni uja anakhala usiku kulemba. Akangoika namba ya mobile money pansi pa nkhani, mumayamba: "wayamba kupempha-pempha." Koma K20 ya betting pa Ciwelu imacoka popanda msonkhano, ndipo timu ija imaluza ndithu.

Nidziwa yankho lanu: zinthu zadula, unga wakwela, lendi siyembekezela. Zoona. Palibe amene akuti aliyense alipile, kapena kuti nkhani zonse zitsekedwe na loko. Tiyeni tiwelengele cabe. Owelenga 300, aliyense K20 pa mwezi, ni K6,000. Wolemba wa Cinyanja sangaipeze ku Google olo alembe mpaka zala zitupe, cifukwa kumeneko dzina la cinenelo cake silinalembedwe n'komwe. Ma booth a mobile money ali pa kona iliyonse. Njila ilipo, cimene cisowa ni cizolowezi.

Olemba anzanga, na ife ticotse manyazi. Tinazolowela ndalama yobwela yokha kucokela ku kampani imene sitinaionepo nkhope, cakuti kuyenda kukakamba na wamalonda wa pafupi tiona monga kutsika. Wa saluni ku Kamwala, wowochelela mageti ku Kalingalinga, wogulitsa zitenje ku Chipata, onse afuna makasitomala a m'komboni mwawo, amene ni owelenga athu. Kwa iwo maso a ku Chawama ndiye odula. Muuzeni mtengo wa pa mwezi, ikani cithunzi cake na namba yake, lembani poyela kuti iyi ni advert.

Mukapanda kutelo, alipo ena amene ayembekezela na ndalama m'manja. A betting salema kufuna malo pa foni ya wacicepele. Andale naonso, makamaka masankho akayandikila, adziwa kuti wolemba wanjala safunsa mafunso ambili, ndipo iwo safuna kuti pamwamba pa nkhani palembedwe kuti yalipilidwa.