Nkhondo yakutali imathera m'munda wa mlimi wa ku Mpingu

LILONGWE – Chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala akuluakulu a boma ndi asilikali amasonkhana pa chipilala cha ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe komanso cha ku Zomba kukayika nkhata za maluwa pokumbukira omwe anafera pa nkhondo ziwiri za dziko lonse. Mwambowu umachitika pomwe mlimi wa ku Mpingu, chakumadzulo kwa mzindawu pa msewu wa ku Mchinji, amakhala atamaliza kupanga mizere ndipo akudikira mvula yobzalira. Nthawi zambiri feteleza amakhala asanamupeze.

Zinthu ziwirizi zimaoneka ngati zosakhudzana, koma mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti nkhondo iliyonse yaikulu, ngakhale imenyedwe kutali chotani, yakhala ikufika m'midzi kudzera m'njira zitatu: kutenga anthu ogwira ntchito, kupungula chakudya m'nkhokwe, ndi kukweza mitengo.

Nkhondo yoyamba, yomwe makolo ankaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolavula zipolopolo, siinali yakutali kwenikweni. M'mwezi wa Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inaphwanya sitima ya dziko la Germany pa nyanja ya Malawi, ndipo mwezi wotsatira nkhondo inamenyedwa ku Karonga. Amuna pafupifupi 19,000 a m'dziko muno analowa usilikali wa King's African Rifles. Koma chiwerengero chomwe chinagwedeza midzi ndi cha amtengatenga: pafupifupi 200,000, m'dziko lomwe anthu ake onse sankapitirira 1.2 miliyoni. Kunalibe misewu ya galimoto yofika komwe kunkamenyedwa nkhondo, choncho ufa, mpunga ndi zipolopolo zinkayenda pamutu.

Poyamba boma la atsamunda linkanyengerera, koma odzipereka atachepa linayamba kugwira anthu mokakamiza kudzera mwa mafumu ndi amesenjala. Amuna ena ankathawira kuthengo, ena kudutsa malire kulowa m'dziko la Mozambique. Otsala m'mudzi anali amayi, ana ndi nkhalamba, ndipo ndi omwewo omwe ankayenera kulima chakudya chawo ndi cha asilikali. Mbusa John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 yotsutsa zoti anthu akuda azifera nkhondo yomwe siinali yawo, ndipo pa 23 Januwale 1915 anaukira boma. Nkhondo itatha mu Novembala 1918, kunagwa mliri wa chimfine womwe unapeza anthu ali ofooka kale ndi njala. Amtengatenga ambiri omwe anafera m'njira ndi kamwazi ndi kutopa alibe manda odziwika.

Chomwe sichikambidwa kawirikawiri ndi choti nkhondo yomweyi inatsegula khomo la fodya m'boma la Lilongwe. M'chaka cha 1919 dziko la Britain linatsitsa msonkho pa fodya wochokera m'maiko omwe linkawalamulira, ndipo m'zaka zotsatira mzungu A. F. Barron, yemwe anakhazikika ku Mbabzi, anafalitsa ulimi wa fodya wa chikopa pakati pa alimi a m'midzi. Bungwe la Native Tobacco Board linakhazikitsidwa mu 1926. Kuyambira pamenepo, ndalama ya m'thumba mwa mlimi wa ku Mpingu, Nsaru ndi Kabudula inayamba kudalira zochitika m'misika yomwe iye sanaionepo.

Pofuna kumvetsa kuti boma lingachitenji kwa anthu otsala kumudzi pa nthawi ya nkhondo, nkofunika kuona zomwe dziko la America linachita pa nkhondo yachiwiri. Anthu pafupifupi 16 miliyoni atalowa usilikali, boma silinasiye msika kuti udziyendere wokha. Linakhazikitsa ofesi yoyang'anira mitengo mu 1941, ndipo kuyambira 1942 shuga, petulo, kenako nyama zinkagulidwa ndi makuponi kuti wolemera asamalize katundu yekha. Amayi pafupifupi 6 miliyoni analowa ntchito zolipidwa, ambiri mwa iwo m'mafakitale, ndipo mabanja analimbikitsidwa kulima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Mu 1944 kunakhazikitsidwa lamulo lolipirira sukulu asilikali obwerera kwawo ndi kuwathandiza kupeza ngongole za nyumba. Sikuti zonse zinali zolongosoka: anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa ku Japan anatsekeredwa m'misasa popanda mlandu, ndipo asilikali akuda sanapindule mofanana ndi anzawo oyera. Komabe dzikolo linaona khomo la munthu wamba ngati gawo la nkhondo lofunika ndondomeko yakeyake.

Ku Nyasaland kunalibe maganizo otere. Amuna oposa 25,000 anakamenya nkhondo yachiwiriyi ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma, ndipo pobwerera sanapeze lamulo lowatumiza ku sukulu. Ena anagula njinga kapena makina osokera ndi ndalama zomwe analandira, ena anabwerera ku khasu. Mudzi unkawerengedwa ngati mosungira anthu ndi chimanga basi.

Dziko litalandira ufulu, nkhondo inafika m'njira ina. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo katundu wa dziko lino, kuphatikizapo feteleza ndi mafuta a galimoto, anayamba kuzungulira mtunda wautali pa msewu kuchokera ku Durban. Asilikali a dziko lino anatumizidwa kukateteza njanji ya ku Nacala. Pomwe pangano la mtendere linkasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko lino linali likusunga anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo nkhuni, madzi ndi zipatala za m'maboma a m'malire zinali zitapanikizika. Mlimi wa ku Mpingu sanamve kulira kwa mfuti, koma analipira mtunda wa ku Durban pa thumba lililonse.

Pa nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine, yomwe inakula pa 24 Febuluwale 2022, palibe mesenjala anabwera kudzagwira munthu. Russia ndi limodzi mwa maiko omwe amagulitsa feteleza wambiri pa dziko lonse, ndipo mtengo, womwe unali utayamba kale kukwera mu 2021, unathamanga. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Zotsatira zake zinaonekera pa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP. Mu 2020 mlimi ankalipira K4,495 pa thumba la makilogalamu 50; mu 2021 mtengowu unafika pa K7,500, ndipo mu 2022 pa K15,000. Opindula anatsika kuchoka pa mabanja oposa 3.5 miliyoni kufika pa 2.5 miliyoni mu 2022, kenako 1.5 miliyoni mu 2023.

Kungakhale kudzinamiza kukankhira zonsezi ku nkhondo. Kusowa kwa ndalama zakunja, ngongole za boma ndi kuchedwa kwa ntchito yogula feteleza ndi mavuto a pakhomo pano, ndipo nkhondo inangowaulula. Apa ndi pomwe pali ntchito ya ogwira ntchito m'boma. Dziko lili ndi nkhokwe za chimanga ku Kanengo ndi mosungira mafuta mwa kampani ya NOCMA, koma feteleza, yemwe amabereka chimangacho, wakhala akuitanitsidwa chaka ndi chaka pa mtengo wa tsiku limenelo. Pafupi ndi Mpingu pomwepo pali malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, komwe akatswiri akhala akutulutsa mbewu za mtedza, soya ndi nyemba zomwe zimabwezeretsa chonde m'nthaka. Mtunda wochokera pa malowa kufika pa munda wa mlimi ndi waufupi pa msewu, koma umatalika mlangizi akakhala mmodzi pa midzi yambirimbiri.

Nkhani ya nthawi ndi yomwe imapweteka kwambiri. Feteleza wokwana matani 20,000 yemwe kampani ya Uralchem ya ku Russia inapereka kwaulere anadzera pa doko la Beira ndipo anaperekedwa ku boma pa mwambo womwe unachitika m'boma la Lilongwe mu Malichi 2023. Amenewa ndi matumba 400,000, okwanira mabanja 200,000 pa matumba awiri banja lililonse. Anali feteleza wokulitsa, yemwe amathiridwa chimanga chikangomera, ndipo m'minda ya ku Mpingu chimanga chobzalidwa mu Disembala chinali chitamasula kale ngayaye.