ZA PAMSEU: Musafulumire kutaya bobina

Izi ndi zanu inu madalaivala amene mumandimva m'mawa pa wayilesi.

Sabata yatha tinagona pamseu. Tinkachokera ku Domwe kupita ku Ulongwe pa Hilux yakale yapetulo, mbatatesi zili tho kumbuyo. Injini itatentha inangoti zii. Tikadikira mphindi 20 inkalira, kuyenda pang'ono, n'kuzimanso. Mwini wake, bambo wachikulire, anali atagula kale bobina ziwiri zatsopano. Ndalama za feteleza zimenezo!

Bobina, imene anzathu a ku Dedza amati koyilo, imatenga mavolti 12 a batire n'kuwakweza kupitirira 20,000 kuti pulagi ithethetse moto. Koma sigwira ntchito yokha, ndiye isanaweruzidwe funsani mboni.

Mboni yake ndi kababu ka mavolti 12 ka mawaya awiri. Waya wina gunditsani ku chitsulo cha injini. Tsegulani kiyi, winayo mukhudze pa + ya bobina, pena amalemba 15. Kakapanda kuyaka, bobina ilibe mlandu: onani fyuzi, switchi ya kiyi ndi mawaya. Kakayaka, samukirani mbali inayo, yolembedwa 1, mnzanu alize sitata. Kazithima n'kumayaka. Kakangoyaka osaphethira, mapulatinado ada kapena sakutsekeka. Mpata wake ukhale pafupifupi 0.4 mm. Kakakhala chithimire, mwina sakutseguka, kondensa yashota, kapena waya wam'kati mwa bobina waduka.

Kenaka zulani waya wapakati pa disitiributa, muugwire ndi pulayala yokutidwa mphira, pafupi ndi chitsulo, sitata ikulira. Ndi dzanja ayi, mudzavina osafuna. Moto wabuluu wothetheka ndi wabwino. Wofiirira ndi wofooka.

Kuno kumapiri nkhungu ya Juni ndi Julayi imanyowetsanso chivindikiro cha disitiributa, moto n'kumathawira m'ming'alu. Pukutani kaye musanaitane makaniko.

China chikundikhudza ine mwini. Mukamandimvera injini itazima, kiyi ikhale pa ACC. Mukaisiya pa ON mapulatinado atatsekeka, bobina imapsa, mlandu n'kukhala wa muulutsi.

Nanga Hilux ija? Kutacha, mnyamata wina wokonza njinga zamoto anavala thumba kumutu chifukwa cha mame, n'kusintha kondensa, kachitsulo kochepa ngati chala. Tinafika pamsika wa Ulongwe ogula a ku Tete atadzaza kale malole awo, ndipo bambo aja anagulitsa mbatatesi zawo pamtengo wolira.