Phokoso si liwiro, achimwene

Mnyamata wa mu Blantyre akayendetsa Vitz kapena Passo kwa kanthawi, mtima umayamba kumuyabwa. Galimoto yomwe ankaipukuta m'mawa uliwonse ija imayamba kumutopetsa. Akuti pa chitunda ikumabuula, akuti minibasi yodzaza anthu ndi katundu ikumamupitirira pa Chipembere Highway iye atapondereza mpaka pansi. Ndiye madzulo pa Kamba nkhani imakhala yomweyo: ndigule ina yothamanga, kapena ndiikonze yomweyi kuti izithamanga?

Dandauloli si lachabe. Vitz ya malita 1.0 ili ndi masilinda atatu okha, ndipo mphamvu yake ndi ya pafupifupi 70 horsepower. Chiwerengerocho chimayezedwa potengera mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ife kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, komwe mpweya ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake isanachoke n'komwe pageti. Kwezanimo akazi anu, apongozi, ana awiri ndi thumba la chimanga, kenako mukwere Thabwa pochokera ku Chikwawa. Mudzamvetsa chifukwa chake mnyamata uja akudandaula.

Pomwe ndimasiyana naye ndi pa mankhwala omwe amasankha.

Ife okhala ku Chitawira timawamva mankhwalawo usiku pa Kenyatta Drive. Woyamba ndi ekizozi. Munthu amapita kwa owotcherera, adule chitini chomwe chimachepetsa phokoso, aikepo chipaipi chachikulu chonyezimira. Galimoto ikalira, agalu onse kuyambira ku Naperi mpaka ku Nkolokosa amadzuka. Koma pa kainjini kakang'ono kopanda turbo, chomwe chawonjezeka ndi phokoso basi. Ena amachotsanso catalytic converter atauzidwa kuti ikutsamwitsa injini, pomwe wowauzayo akufuna akaigulitse, pakuti mkati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali. Mwini galimoto amatsala ndi nyali yoyaka pa dashibodi komanso utsi wonunkha womwe tonsefe tikupuma.

Wachiwiri ndi sefa ya mpweya ija yooneka ngati kachipewa kofiira. Pachithunzi imakongola. Koma akaimangirira poyera pafupi ndi injini, imakoka mpweya wotentha, ndipo mpweya wotentha umachepetsa mphamvu m'malo moonjezera. Zotchipa zambiri sizigwira bwino fumbi. Fumbi la mu Okutobala likalowa m'masilinda limapala pang'onopang'ono, ndipo pakutha pa chaka galimoto imayamba kumwa oyilo.

Kenako kudula masipuling'i kuti galimoto igone pansi, ndi kuika malimu akuluakulu okhala ndi matayala opyapyala. Apa sindichedwapo. Aliyense amene anaona munthu akudutsa hampu chammbali, mzere wa magalimoto ukumuimbira hutala kumbuyo, akudziwa mathero ake. Dzenje limodzi la nthawi ya dzinja limakwana kupinda limu ndi kuphulitsa tayala.

Kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, komwe anyamata amati remap, n'kosiyana ndi zonsezi chifukwa kumagwiradi ntchito, koma pa injini ya turbo. Pamenepo kompyuta ingauzidwe kuti turbo izikankha mpweya wambiri, ndipo kusiyana kwake mumakumva kumsana. Pa Passo palibe chomwe mungafinye. Komanso mapulogalamu ambiri amalembedwa poganizira petulo wapamwamba yemwe ku Japan ndi ku Ulaya munthu amasankha pa pampu. Kuno pa filing'i siteshoni simufunsidwa mtundu wa petulo. Alipo mmodzi, ndipo masiku a mizere ya mafuta ena timathira wa m'zigubu yemwe sitidziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Injini yomwe yakokedwa mpaka pamalire ikalandira petulo wokayikitsa imagogoda, pisitoni n'kuonongeka. Ndipo ngati simunauze a inshuwalansi kuti munasintha injini, tsiku la ngozi mudzakangana nawo.

Ngati mtima wakana ndithu, maganizo anga ndi akuti gulani galimoto yomwe inabadwa yothamanga. Opanga ake poonjezera mphamvu anaonjezeranso mabuleki, mashoko ndi zoziziritsa injini, zinthu zomwe wa chipaipi uja saziganizira.

Maloto a ambiri ndi Golf GTI, yomwe Volkswagen inayamba kugulitsa mu 1976. Abale athu a ku Joni ndiwo anatibweretsera malungo ake, pamodzi ndi dzina loti vrr-pha, kutsanzira kulira kwake posintha magiya. Golf 5 GTI ili ndi injini ya malita 2.0 ya turbo yotulutsa pafupifupi 200 horsepower, ndipo kukwera kwa Blantyre sikuivutitsa kwenikweni chifukwa turbo imabwezera mpweya wosowawo. Ndi galimoto yabwino, sindikana. Koma giyabokosi yake ya DSG imafuna oyilo wakewake pa makilomita 60,000 aliwonse, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amene amachotsa thermostat m'galimoto iliyonse ponena kuti kuno n'kotentha asaiyandikire. Masipeya ake ambiri mudzadikira basi yochokera ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, mutalipira ma rand. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kasensa kamodzi kangadye malipiro a mwezi. Msonkho wa MRA nawonso umakwera injini ikakula ndiponso galimoto ikakalamba.

Suzuki Swift Sport ya malita 1.6 ili pakati: 125 horsepower pa yakale, 136 pa yotsatira, thupi lopepuka, yokoma pa makona a msewu wa ku Zomba. Vuto lake n'lakuti ya ku Japan inapangidwira petulo wapamwamba uja, ndipo masipeya ake sapezeka pa shopu iliyonse.

Imene ambiri amainyoza ndi Vitz RS, chifukwa dzina lake ndi Vitz. Komatu ili ndi injini ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FE, ya pafupifupi 110 horsepower, yomwenso ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri zomwe zadzaza m'misewu yathu. Makaniko aliyense wa ku Ndirande anaitsegulapo, ndipo sipeya yake mukaisowa mu Limbe ndiye kuti simunafunse. Mukapeza ya manual, mwapewanso mavuto a giyabokosi ya CVT, yomwe anthu ambiri aipha poithira oyilo wolakwika.

Ndalama zotsalazo zipite ku zinthu zosaoneka pa Facebook: matayala atsopano anayi a mtundu umodzi m'malo mwa akaunjika, mabuleki abwino, mashoko, mapulagi, oyilo woyenera pa nthawi yake. Galimoto zambiri zomwe eni ake amati zafooka zimangofuna sevisi yeniyeni. Mabuleki ndawatchula dala. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti muime umawirikiza kanayi, ndipo pa Ginnery Corner kapena pa Kudya mtunda umenewo mumakhala wa kabaza atanyamula mayi ndi mwana, ogulitsa nthochi, ndi ana a sukulu odumpha msewu. Mpikisano wa usiku pa Chipembere Highway umachitikira pakhomo penipeni pa chipatala cha Queens, ndipo amene amagonekedwa kumeneko nthawi zambiri si amene anali pa chiongolero.

Choncho achimwene, ngati muli pa malipiro a pamwezi ndipo mulibe m'bale ku Joni wokutumizirani masipeya, GTI isiyeni kaye. Gulani Vitz RS, muiveke matayala abwino, ekizozi muisiye mmene inabwerera.