Ku UTH kukufunika omasulira Chinsenga

Mwana wa ku Petauke kapena ku Nyimba akapezeka ndi khansa, amatumizidwa ku chipatala cha UTH ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 300, kumene madokotala ambiri amayankhula Chingerezi ndi Chinyanja cha m'tauni. Amayi ake chinenero chawo ndi Chinsenga. Ena amati Chinsenga ndi Chinyanja n'zofanana, womasulira ngwachiyani? Kufananako n'kumene kumanyenga. Mayi amangovomera mwaulemu, chonsecho sanamvetse kuti chotupa chikaphwa, mankhwala ayenera kupitirirabe miyezi ingapo. Akabwerera kumudzi osadzaonekanso, matenda amayambiranso. Bungwe la WHO likufuna kuti pofika 2030, ana 60 mwa 100 odwala khansa azipulumuka. Malipiro a womasulira ndi ochepa poyerekeza ndi mankhwala osiyidwira panjira. Unduna wa Zaumoyo uphunzitse omasulira ndi kuwalemba ntchito.